Makeyala a Amuna a Eni

Kulemba ndinakuphunzira ku Nzama, kwa asisitere, kumene ndinakhala zaka zinayi ndikugona kwa azakhali anga. Masamu ankandizunguza mutu, katekisimu ndinkangoloweza, koma dzanja ndinali nalo. Zilembo zanga zinkaima mowongoka, zofanana msinkhu, ndipo asisitere ankatenga kope langa n'kumaonetsa anzanga. Ndinakula ndikunyadira chinthu chimodzi chimenecho.

Kwathu ndi kufupi ndi Mlangeni, m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Dedza. Zaka zimene ndikunenazi, zija anthu ankangokamba za chitaganya chotiphatikiza ndi dziko la Halale, mudzi wathu unali wa akazi, ana ndi nkhalamba. Amuna anali ku migodi ya ku Joni, ena m'mafamu a fodya ku Halale. Anganso anali ku Joni, chaka chachitatu, atandisiya ndi ana awiri. Akazi ambiri sankadziwa kulemba, choncho Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ankabwera pakhonde panga mmodzimmodzi. Wina ankanyamula mazira, wina kambale ka kachewere, mbatatesi zathu zija, wina manja okha. Iwo ankanena mawu, ine n'kumalemba. Yankho likabwera ndinkawawerengera ndine.

Mkazi aliyense ankasunga keyala ya mwamuna wake ngati mankhwala. Ena ankaimanga pa mfundo ya nsalu, ena m'kachitini ka fodya. Timapepalato tinkang'ambika, inki n'kuzilala ndi thukuta, ndiye ndinaganiza zokopera makeyala onse m'kope limodzi kuti asamasowe. Akaziwo anakondwera. Palibe amene anaona choipa, ngakhale ine mwini.

Mwa akazi amenewa munali mayi ena amene ndinkawatchula kuti akulu anga, ngakhale sitinali pachibale. Ndiwo ananyamula mwana wanga woyamba pa ubatizo. Nyumba yawo inkaposa zonse m'mudzimo: ya njerwa zootcha, ya malata, mazenera agalasi, pafupi penipeni ndi msewu, kuseri kuli mitengo ya mapichesi. Amuna awo anaimanga atabwera kudzapuma ulendo wina, n'kubwerera ku Joni, ndipo panali patatha zaka zisanu ndi ziwiri osaonekanso. Zaka ziwiri zomalizazo ngakhale kalata sankayankha. Komabe akulu anga ankabwera mwezi ndi mwezi, n'kukhala pa mphasa, n'kuyamba kutchula ana awo anayi mmodzimmodzi, uyu wagulula dzino, uyu wayamba sukulu, ine ndikulemba.

Tsiku lina la m'nyengo yozizira, nkhungu isanachoke bwinobwino, ndikusankha kachewere wambewu pabwalo, ndinamva odi. Anali bambo wina wachikulire pang'ono, wovala jekete ndi chipewa, akukankha njinga. Anati kwawo ndi cha ku Lizulu. Nayenso anakhala ku Joni zaka zambiri, koma osati pansi pa mgodi. Ankagwira ntchito yotumidwa mu ofesi ya mzungu wina wogula ndi kugulitsa nyumba, ndipo kumeneko ndi kumene anaonera mmene malondawo amayendera.

"Mayi, taonani msewuwu," anatero atakhala pa mpando. "Malole akuchuluka. Amwenye akufuna malo a masitolo. Anyamata obwera kuchokera kum'mwera akufuna poika kantini, wina chigayo, wina utelala. Pomwe nyumba za njerwa zangoima m'mbali mwa msewu, eni ake anatchona, m'katimo mukugona mbuzi. Ine ndikufuna ndizigula nyumba zimenezo kwa eni ake, n'kuzipatsa anthu ozifuna."

Ndinafunsa kuti nanga ine ndikulowapo bwanji.

Anapisa m'jekete n'kutulutsa pepala lotayipa. Anati anakatayipitsa kwa kalaliki wina ku boma, natumiza kwa amuna angapo amene makeyala awo ankawadziwa, koma sanayankhe ndi mmodzi yemwe.

"Ndinalakwa ndine, chifukwa ndinkadziwa. Munthu wathu akaona envelopu yotayipa, mtima umagunda. Amati ndi za msonkho, kapena chisamani. Amaibisa pansi pa mphasa osatsegula. Koma ya pamanja amaitsegula ali chiimire, pakhomo pa komboni pomwepo, chifukwa amati ndi ya kumudzi. Ngakhale mzungu wanga uja, makina otayipira anali nawo awiri, koma makalata opempha nyumba ankalembetsa pamanja. Langa dzanja ndi loipa, ngati podutsa nkhuku. Lanu ndalimva mbiri."

Mawu omalizawo anandilowa. Ndiyenera kunena zoona.

"Chinanso," anatero akutsitsa mawu, "ndamva kuti muli ndi kope."

Makeyala aja sanali anga. Ndinamuuza choncho.

"Kodi ndikuba, mayi? Ndikungofunsa. Wosafuna sayankha, kalatayo ayatsira fodya, basi kwatha. Wofuna apeza ndalama pa nyumba imene ikanagwa yokha. Walakwiridwa ndani?"

Ananenanso kuti kunyumba kwake kuli makina osokera akale koma olimba, ndipo ntchito ikayenda adzakhala anga. Amuna anga anali asanatumize kanthu kuyambira nthawi ya dzinja. Ndinavomera, koma ndinaika lamulo limodzi: nyumba zokhazo zosakhala anthu, zimene akazi ake anazisiya n'kubwerera pakhomo pa amayi awo. Iye anagwedeza mutu nati ndi zomwezo zimene akufuna.

Asananyamuke anandichenjeza kuti nkhaniyi isamveke. Sanafunikire kufotokoza. Masiku amenewo aliyense ankaopa kuti azungu a ku Halale akubwera kudzatenga minda. Munthu akangoona mlendo akuyang'anitsitsa malo, madzulo ake mudzi wonse unkakhala utamva. Mawu akuti kugulitsa anali ngati moto pa udzu wouma.

Anandibweretsera mapepala wamba a m'kope, inki yabuluu, manibu ndi maenvelopu. Anandiphunzitsa mmene kalatayo iyenera kukhalira. Isakhale yaitali. Isatchule mtengo. Iyambe ndi za kumudzi, kuti munthu amve fungo la kwawo asanafike pa nkhani. Ndikadetsa pang'ono ndi inki, ndisayambirenso, chifukwa kalata yoyera kwambiri imakayikitsa. Ngakhale sitampa ankaimata mopendekera dala. Mawu ake ndimawakumbukirabe, poti ndinawalemba kambirimbiri:

"Bambo, landirani moni wochokera kuno kwanu. Kuno kwazizira, nkhungu ikumakhala pa phiri mpaka dzuwa litakwera, ndipo anthu ali kalikiliki kukumba kachewere. Ndinadutsa pa nyumba yanu ija ya pamsewu, ndinaima kuiyang'ana. Munamanga bwino. Koma nyumba yosafuka utsi imakalamba msanga, ndipo chiswe sichidikira munthu. Ngati mungaganize zoigulitsa, ine ndilipo. Ngati ayi, palibe mlandu. Mundiyankhe pa keyala ili m'munsiyi."

Dzina lake ankasaina yekha.

Ndinkalemba masana, anthu ali kudimba, nditatseka chitseko n'kukhala pafupi ndi kazenera. Lichero linkakhala pambali. Ndikangomva mapazi panja, ndinkavundikira mapepala ndi licherolo. Tsiku lina akulu anga anabwera kudzabwereka sefa, nandipeza zala zili buluu pakati pa sabata.

"Lero si Lamulungu, mukulembera yani?"

"Ndikulembera abambo a anawa," ndinanama.

"Mwachita bwino. Musatope nawo. Mwamuna ukasiya kumulembera ndiye kuti wamutaya wekha."

Anatenga sefa pa lichero pomwepo, pafupi kukhudza mapepala. Atatuluka ndinakhala nthawi yaitali osagwira cholembera.

Mayankho anayamba kubwera patatha mwezi ndi masabata. Ena anatukwana. Ena anafunsa mtengo. Nyumba ziwiri zosakhala anthu zinagulidwa bwinobwino, achibale a eni ake atauzidwa, ndipo mu imodzi mwa nyumbazo munalowa telala. Palibe amene anafunsa kuti wogulayo anawapeza bwanji eni ake ku Joni. Amene sanayankhe tinawalemberanso kachiwiri, chifukwa bambo uja ankati munthu savomera pa kugogoda koyamba. Makina osokera anabwera atamangidwa pa njinga. Ndinauza anthu kuti ndabwereka.

Chakumapeto kwa chisanu anabweranso ndi maina ena atawalemba pa kapepala. Nditawerenga ndinaona kuti nyumba zinayi mwa zimenezo zinali ndi anthu. Ya pamwamba inali ya akulu anga.

"Izi ayi. Tinagwirizana."

"Mayi, nyumba zopanda anthu zatha. Ndipo imene ikufunidwa kwenikweni ndi iyoyo. Ili pokhotera malole, pali munthu akufuna kuikapo chigayo."

"Mukukhala mayi ndi ana anayi."

"Ndiye mwini wake akana. Zaka ziwiri sayankha mkazi wake, angayankhe ine? Mwinanso avomera, n'kutumizira mkaziyo ndalama zomangira ina yaing'ono. Inu mukudziwa bwanji zimene banja la eni likufuna?"

Ndinakanabe. Iye anavula chipewa n'kumachitembenuza m'manja, maso ali pa makina aja pakona.

"Anzanu aja akudziwa kuti kope lawo lakhala likugwira ntchito yanji? Ine sindinawauze. Ndipo sindikufuna kuwauza."

Ananena mofatsa, akumwetulira. Sindikudziwa ngati akanachitadi. Koma ine ndinaona m'maganizo mwanga akazi onse aja ataima pakhonde panga, ndipo ndinatsegula kope. Ndinadziuza kuti munthu amene wakhala chete zaka ziwiri sangayankhe mlendo. Tinachotsa mawu a utsi ndi chiswe, n'kuikapo akuti mwina muli ndi zina zofuna kuchita kumeneko zimene ndalama zingakuthandizeni. Keyala imene ndinailemba pa envelopuyo dzanja langa linkaidziwa losayang'ana.

Chimene sindinaganize, kapena chimene sindinafune kuganiza, n'chakuti amuna onse aja ankalidziwa dzanja langa. Kwa iwo dzanja limenelo linali pakamwa pa akazi awo.

Masabata otsatirawo ndinkagona mosakhazikika. Ndikaona wa positi akutsika pa sitolo pamene tinkalandirira makalata, ndinkabwerera panjira. Mwezi unatha kuli zii. Ndinayamba kupuma.

Kenaka m'mawa wina, kutayamba kutentha, ndikuchapa kuseri kwa nyumba, ndinamva munthu akundiitana akuthamanga. Anali akulu anga. Nsalu itamasuka, mpango uli m'manja, nkhope ikuwala ngati ya mtsikana.

"Mng'ono wanga! Ayankha! Abambo a kwathu ayankha!"

Anandipatsa envelopu ndi manja awiri. Manja anga anali ndi thovu, ndinapukutira pa nsalu nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira. Tinakhala pa mphasa pakhonde, malo athu a masiku onse. Iwo anasendera pafupi mpaka bondo lawo linagunda langa.

Ndinatsegula. Maso anga anathamanga mpaka m'munsi mwa pepala ndisanatulutse mawu, monga amachitira aliyense wowerengera mnzake.

Ndinawerenga moni. Ndinawerenga kuti ali bwino, ntchito ikuyenda. Ndinaima.

"Pitirizani. Akuti abwera liti?"

Ndikanatha kunama. Iwo sankadziwa ndi chilembo chimodzi. Ndikanati akuti abwera chaka chamawa, apereka moni kwa ana, ndipo akanapita kwawo akuimba. Bodzalo linafika pa lilime ndithu. Koma ndinadziwa kuti ngati kalata iyi yafika kuno, inanso yafika ku Lizulu, ndipo sipatenga nthawi kuti munthu aime pakhomo pawo ndi chingwe choyezera.

"Bwanji kodi? Adwala?"

"Ayi, akulu. Ndiwerenga."

Ndinawerenga monga zinalembedwera. "Kalata imene munalembetsa ndinalandira. Dzanja ndinalizindikira, ndi lomwe lija la masiku onse. Popeza nyumba mwatopa nayo mpaka kupeza wogula, ine ndavomera, ndipo ndamuuza kuti ndalama atumize kuno. Inu ndi ana mubwerere ku nyumba ya amayi anu. Za kubwera kwanga musamawerengere."

Nkhuku inadutsa pakati pathu.

"Bwerezani."

Ndinabwereza.

"Kalata iti imene ndinalembetsa? Ine mwezi wathawu sindinanene za mwana wachiwiriyu, kuti akufuna yunifolomu? Ndi zimene munalemba, si choncho?"

"Ndi zimene ndinalemba."

"Nanga wogula uyu ndani? Akuti dzanja analizindikira. Dzanja la yani?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ndi langa, akulu."

Ndinawauza zonse, kuyambira tsiku la nkhungu lija mpaka makina a pakona. Ndinkayembekeza kuti akuwa, kapena andimenya, ndipo ndikanakonda zimenezo. Iwo anangomvetsera, maso ali pakamwa panga. Nditamaliza anatenga kalata m'manja mwanga, naipinda bwinobwino m'mizere yake, naimanga pa mfundo ya nsalu.

"Tsiku lija la sefa," anatero.

"Inde."

"Bweretsani kope."

Ndinakatenga. Anandiuza kuti ndiwasonyeze pamene pali keyala ya amuna awo. Ndinaloza ndi chala. Anang'amba tsamba lonselo, ngakhale panali makeyala a ena, nanyamuka. Anayenda pang'onopang'ono, osacheuka.

Dzuwa lisanapendeke mudzi wonse unali utamva. Akazi anabwera, osati mmodzimmodzi ngati Lamulungu, koma pamodzi. Sanakhale pansi. Aliyense ankafuna kudziwa ngati mwamuna wake analandira kalata yotere. Ndinatchula atatu enawo. Mmodzi wa iwo, mtsikana amene anali ndi khanda kumsana, anandilavulira pamapazi. Kopelo analing'amba pomwepo, aliyense n'kutenga kachidutswa kamene ankaganiza kuti n'kake. Amayi anga ondibala anaima patali, atagwira pakamwa.

M'mawa mwake ndinayenda wapansi mpaka ku Lizulu. Linali tsiku la msika, kachewere ndi kabichi zili mbwee mbali zonse za msewu, kuno ndi kwa Apwitikizi, poti msewuwo ndiwo malire. Bambo uja ndinamupeza pakhonde la sitolo ina. Ndinamupempha kuti asiye.

"Mwachedwa, mayi. Yankho lake linafika sabata yatha, ndalama ndinatumiza tsiku lomwelo. Kalata yake yovomera ndili nayo, yosainidwa. Wachigayo akudikira."

"Munthuyo wavomera chifukwa akuganiza kuti mkazi wake ndiye watuma."

"Ine sindinalembe kuti mkazi wake watuma. Inu munalemba choncho?"

"Ayi, koma munkadziwa kuti aganiza choncho."

Iye anangoyang'ana kumsewu. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti alembi a dzanja labwino analipo ambiri, aphunzitsi ndi akalaliki, koma iye anakankha njinga mpaka pakhomo panga.

Anabwera patatha masiku asanu, pa lole, m'mawa dzuwa litangokwera. Anali ndi wachigayo uja, kalipentala ndi anyamata awiri. Ine ndinamva kulira kwa lole ndili kumunda, ndinaponya khasu. Pofika ndinapeza anthu adzaza kale. Alongo awo a akulu anga, amene anali mwini mbumba, anaima pakhomo pa nyumba atagwira chibonga. Kumbuyo kwawo kunali madoda angapo, ena ndi nkhwangwa zimene anachoka nazo kumunda. Anthu a m'midzi yoyandikana ankabwerabe akuthamanga, chifukwa mbiri inali itasintha m'njira: kunkamveka kuti malo agulitsidwa kwa azungu ndipo lole yabwera kudzaika zikhomo.

Bambo uja anatsika akugwedeza pepala m'mwamba.

"Mwini nyumba wagulitsa! Nayi kalata yake! Ndipo nkhani inayambira konkuno, pakhomo pompano!"

Anthu anayamba kung'ung'udza. Ena anatembenukira kwa akulu anga, amene anakhala pansi pa mtengo wa pichesi ndi ana awo. Ndinamva nkhalamba ina ikuti, "Kani mkaziyu ndiye anaitana anthuwa?" Mwala unagunda chitseko cha lole. Dalaivala anakweza galasi.

Ndinadutsa pakati pa anthu mpaka kutsogolo. Ndinagwada monga mwa mwambo pamaso pa madoda.

"Zikomo, makosana. Mayiwa sanadziwe kanthu. Kalata yopempha nyumba ndinalemba ndine, atandituma bambo awa. Keyala ndinaitenga m'kope limene akazi anandisungitsa. Palibe mzungu pa nkhaniyi. Ndi ine ndi bambo awa basi."

Phokoso linakwera. Wina anakuwa kuti andikweze pa lole yomweyo ndizipita nawo. Munthu anandikankha paphewa, ndinagwira pansi ndi manja. Alongo awo a akulu anga anamenya chibonga pa khonde katatu, anthu n'kukhala chete.

Sanali munthu wolankhula kwambiri. Anayang'ana bambo uja nati, "Bambo, munagula chiyani?"

"Nyumba iyi."

"Dothi limene lili pansi pake ndi la amayi athu. Mlamu wathu anabwera kudzakwatira, malo tinachita kumuloza. Sangagulitse. Njerwa izi zinaumbidwa ndi dothi la pachulu chathu, madzi anatunga ndi alongo angawa, nkhuni zootchera ndinadula ndine. Sangagulitse. Chimene mlamu anabwera nacho kuchokera ku Joni ndi ndalama za malata, zitseko ndi mazenera. Ngati wakugulitsani kanthu, wakugulitsani zimenezo."

Wachigayo anali atakwera kale pa lole, akunena kuti iye za milandu sakuzifuna. Bambo uja anayang'ana nkhwangwa zija, nayang'ana pepala lake. Anati akhoza kupita nayo ku boma. Alongo aja anati apite, ndipo akafotokozenso kumeneko mmene anapezera makeyala. Ine ndinali chigwadire, fumbi lili m'kamwa.

"Chabwino," anatero bambo uja. "Nditenga zangazo."

Anthu ena anafuna kukana ngakhale zimenezo, koma akulu anga analankhula koyamba kuchokera pansi pa mtengo paja.

"Asiyeni atenge. Mwini wake wanena kuti tisamuwerengere. Malata ake ndiwasungire chiyani?"

Kalipentala anakwera padenga. Sindidzaiwala kulira kwa misomali ikuzulidwa, umodziumodzi, ndi malata akutsetsereka n'kugwa pansi. Zinatenga mpaka masana. Anthu sanachoke, anangoima n'kumaonerera. Dzuwa linalowa m'zipinda zimene linali lisanalowemo, n'kuonetsa mphasa, miphika ndi kansalu ka mwana kali pa chingwe. Mwana wamng'ono anafunsa amayi ake ngati anthuwo abwezeretsa akamaliza. Anachotsa zitseko ziwiri ndi mazenera anayi ndi mafelemu ake omwe, n'kusiya mabowo. Lole itanyamuka, kumadzulo kunali kutayamba kale kuunjikana mitambo.

Inali nyengo yoipa kufuna udzu. Tchire linali litapsa, ndipo aliyense anali atafolera kale kapena atasunga wongokwanira nyumba yake. Madoda anadula mitengo ya phaso, akazi anasonkha mitolo, uyu umodzi, uyu iwiri. Ine ndinali ndi udzu umene ndinamweta kuti ndifolere khitchini yanga. Ndinausenza wonse, maulendo asanu ndi limodzi, n'kukautula pabwalo pawo. Palibe anandiletsa, palibenso anandilankhula. Akulu anga anauyang'ana udzuwo, nauza alongo awo kuti ayambire mbali ya kuchipinda kwa ana. Mvula yoyamba inagwa denga lili theka. M'mazenera anatsekamo ndi njerwa zosaotcha, n'kusiya timipata.

Lamulungu pakhonde panga panakhala zii. Akazi anayamba kupita kwa aphunzitsi a pa sukulu ya m'mudzi, ngakhale ankadandaula kuti kwa mwamuna sungathe kunena zonse. Mwa amuna atatu ena aja, awiri sanayankhe konse, ndipo mmodzi analembera mkazi wake kalata yaukali imene inatenga miyezi kuti aizimitse. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo. Makina aja sindinabweze. Ndinaganizapo, koma mazira ndi kachewere zinali zitasiya kubwera, ndipo ndi makinawo amene anadyetsa ana anga chaka chimenecho, ndikusokera anthu a m'midzi ina. Bambo uja ndinamva kuti anapeza mlembi wina cha ku Dedza, ndipo malonda ake anapitirira.

Akulu anga sanandilankhule chaka chathunthu. Tikakumana pachitsime ankayankha moni ndi mutu. Kenaka anayamba kuyankha ndi mawu, kenaka tsiku lina anatuma mwana kudzasoketsa malaya. Sitinabwerere mmene tinalili. Ankandilemekeza ngati munthu wa m'mudzi, basi.

Amuna awo anabwera patatha zaka zinayi, atawatsitsa pa basi ngati katundu. Anali ndi chifuwa cha kumigodi, ataonda mpaka jekete linkaoneka lobwereka. Mkazi amene ankakhala naye kumeneko anali atawathamangitsa ntchito itatha. Alongo aja anafuna kuti apite kwawo kwa abale awo, koma akulu anga anawayalira mphasa m'nyumba yomweyo.

Ndinapita kukawazonda monga anachitira aliyense. Ndinawapeza ali okha pakhonde, akuwothera dzuwa, akulu anga atapita kudimba. Ndinapereka moni n'kufuna kunyamuka, koma anandikodola.

"Ndinu alembi aja?"

"Ndine, bambo. Ndinakulakwirani. Ndinakusokonezani ndi kalata ija."

Anatsokomola nthawi yaitali, napukuta pakamwa.

"Simunandisokoneze. Ndinkadziwa kuti sanatume ndi iwo. Mkazi ameneyu sangagulitse ndi supuni yomwe ya m'nyumba muno. Ndinkangofuna ponamizira, ndipo inu munandipatsa."

Mawu amenewa sanandipeputse mtima monga mmene mwina iwo ankaganizira. Ndinatsanzika, n'kutsika pa khonde, n'kukumana ndi akulu anga panjira atasenza mtolo wa mpiru. Anandifunsa ngati odwalawo ndawapeza ali maso. Ndinati inde. Zimene amuna awo anandiuza sindinawafotokozere, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Bamboyo anamwalira chimanga chisanache, ndipo tinakawaika kumanda a kwa akazi awo.